Banksy, Mmisiri Wojambula pa Makoma Usiku

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa M1 m'boma la Karonga, kuchokera ku Chilumba mpaka ku malire a dziko lino ndi Tanzania pa Songwe, amaona makoma ambiri ojambulidwa. Pa nyumba yometera pali mitu ya anyamata ometa mosiyanasiyana. Pa butchala pali ng'ombe ya linunda. Pa chigayo pali thumba la mpunga, ndipo pa nyumba yodyera pali nsomba yogona m'mbale. Makoma ena ndi ofiira psu, ena ndi obiriŵira, chifukwa makampani a lamya adaŵapaka utoto wao pofuna kutsatsa malonda.

Zithunzi zotere zili ndi ntchito yaikulu ku Karonga. Pa msika pamakumana anthu a zilankhulo zambiri. Wina amalankhula Chinkhonde, wina Chitumbuka, wina Chicheŵa, pamene wamalonda wochokera ku Kyela kapena ku Mbeya amalankhula Chiswahili. Koma nsomba ya pa khoma ija aliyense amaimva, ngakhale munthu amene sadapondeko ku sukulu.

Kukometsa khoma si chinthu chachilendo kuderali. Mzungu wina woyendayenda, dzina lake Joseph Thomson, atafika kumpoto kwa nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1879, adachita chidwi ndi midzi ya Ankhonde. Iye adalemba kuti nyumba zao zinali zaudongo, zomangidwa pakati pa nthochi, ndi kuti makoma ake anali okongoletsedwa ndi dothi loumbidwa bwino ndiponso maangamaanga. Kale kwambiri Thomson asanabadwe, anthu a m'dziko muno ankajambula pa miyala. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zotere. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, ndipo zoyera zidajambulidwa ndi Acheŵa pa nkhani za chinamwali ndi gule wamkulu. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaŵerengera malowo pakati pa chuma cha anthu a pa dziko lonse lapansi.

Ojambula onseŵa amafanana pa chinthu chimodzi: ntchito yao ndi yololedwa. Mwini nyumba ankakometsa nyumba yake yomwe. Anamkungwi ankajambula pa malo amene mudzi udapatula. Mmisiri wa pa Karonga amachita kuitanidwa ndi mwini sitolo, napangana mtengo, nagwira ntchito yake masana anthu akuona.

Koma kunja kuno kuli ojambula a mtundu wina amene saitanidwa ndi munthu aliyense. Ntchito yao imatchedwa graffiti. Liu limeneli lidachokera ku Chitaliyana, ndipo limanena za zinthu zolembedwa mokanda pa khoma. Khalidweli ndi lakale. Mu mzinda wa Pompeii, umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, akatswiri okumba pansi adapeza maina ndi nthabwala zimene anthu wamba adakanda pa zipupa. Graffiti ya masiku ano idakula ku America, m'mizinda ya Philadelphia ndi New York, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mnyamata wina wa ku New York, amene ankagwira ntchito yopereka makalata ndi katundu, ankalemba TAKI 183 paliponse pamene wadutsa. Taki linali dzina lake lapaubwana, ndipo 183 inali nambala ya mseu wa kwao. Nyuzipepala ya New York Times italemba za iye m'chaka cha 1971, anyamata ambirimbiri adayamba kumutsanzira. Adasiya zolembera wamba natenga utoto wa m'zitini zopopera, ndipo posakhalitsa sitima za pamtunda za mumzindamo zidadzaza ndi maina a mitundumitundu. M'zaka za m'ma 1980 khalidweli lidaoloka nyanja ndi kufika ku Ulaya.

M'maiko ambiri, kulemba pa khoma la eni popanda chilolezo ndi mlandu. Wogwidwa amalipitsidwa chindapusa, mwinanso kutsekeredwa m'ndende. N'chifukwa chake ojambula graffiti amagwira ntchito usiku, ndipo amabisala kumbuyo kwa maina opeka. Wotchuka koposa onse m'nthaŵi ino ndi mmisiri wa ku England wotchedwa Banksy.

Banksy si dzina lake lobadwa nalo. Kwa zaka zoposa 30 mmisiriyu wakhala akubisa nkhope yake. Atolankhani ayesa kangapo kuloza munthu amene akumuganizira, koma mwini wakeyo sanaimepo pagulu ndi kunena kuti ndi iye. Ngakhale mu kanema wake wa m'chaka cha 2010, wotchedwa Exit Through the Gift Shop, adakhala mu mdima, mutu wofunda, mau ake atasinthidwa ndi makina. Ntchito yake idayambira ku Bristol, mzinda wa pa doko kumwera chakumadzulo kwa England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kumeneko ankayenda ndi kagulu ka anyamata anzake kotchedwa DryBreadZ Crew, ndipo ankapopera utoto ndi dzanja chabe monga ankachitira ena onse. Cha m'ma 2000 adasamukira ku London.

Kajambulidwe kamene kadamutchukitsa kadabadwa chifukwa cha mantha. M'buku lake lotchedwa Wall and Piece, limene lidatuluka m'chaka cha 2005, iye adafotokoza kuti ali ndi zaka 18, usiku wina apolisi adamupezerera akulemba pa sitima. Anzake adathaŵa pa galimoto, koma iye adakwaŵira kunsi kwa chilole, nagona pamenepo nthaŵi yoposa ola lathunthu, mafuta akumudonthera. Ali chigonere, adaona malemba pa thanki ya mafuta a chilolecho. Malembawo sadalembedwe ndi dzanja ai, koma adachita kudindidwa kupyolera m'chikombole. Pomwepo adazindikira kuti vuto lake linali kuchedwa pa khoma, ndi kuti mankhwala ake anali pamwamba pa mphuno yake.

Chikombole chimenechi pa Chingerezi amati stencil, ndipo aliyense amene adaonapo malemba a pa bokosi la katundu kapena nambala ya pa desiki la ku sukulu adaona ntchito yake. Mmisiri amatenga katoni kapena pepala lolimba, najambulapo chithunzi, naboola ndi kampeni kakuthwa malo onse amene akufuna kuti utoto udzadutse. Ntchito imeneyi ndi yofuna kudekha, ndipo imatha kutenga masiku, koma imagwiridwa m'nyumba, chitseko chili chitsekere. Usiku ukafika, mmisiri amagunditsa katoniyo pa khoma, napopera utoto pamwamba pake. Akachotsa katoni, chithunzi chimatsala pa khoma chathunthu. Zimene zikadamutengera maola zimatha m'mphindi zoŵerengeka, apolisi asanatulukire. Monga chikombole cha njerwa, katoni imodzi imatha kubala chithunzi chomwecho kambirimbiri.

Banksy sindiye adayamba njira imeneyi. Mfalansa wina wotchedwa Blek le Rat ankadinda kale makoswe akuda pa makoma a mu Paris kuyambira m'chaka cha 1981. Koma m'manja mwa Banksy chikombole chidapeza mwini wake. Popeza mtundu uliwonse wa utoto umafuna katoni yakeyake ndi nthaŵi yakeyake, iye adazoloŵera kugwiritsa ntchito wakuda ndi woyera basi, ndi kuonjezapo kadontho kamodzi ka mtundu woŵala pamalo pamene akufuna kuti diso ligwere. Chitsanzo chodziŵika ndi chithunzi chotchedwa Girl with Balloon, chimene chidaoneka ku London m'chaka cha 2002. Kamtsikana kojambulidwa ndi utoto wakuda katambasula dzanja, tsitsi ndi diresi zikuuluzika ndi mphepo, ndipo patsogolo pake pakuuluka baluni yofiira yooneka ngati mtima. Kodi baluniyo yamupulumuka mwanayo, kapena akufuna kuigwira? Chithunzicho sichiyankha. Anthu aŵiri angathe kuima pamalo amodzi, wina naona chisoni, wina naona chiyembekezo.

Nayenso Banksy amakonda makoswe. Adaŵajambula atanyamula maambulera, mabulashi a utoto, ngakhale zikwangwani za madandaulo. Chifukwa chake sichivuta kuchiona. Khoswe amatuluka usiku, sakondedwa ndi munthu, amasakidwa ndi eni nyumba, komabe satha. Moyo wake ndi wofanana ndi wa wojambula graffiti, ndiponso wa amphaŵi a m'mizinda ikuluikulu amene olemera safuna kuŵaona. Kupatula makoswe, m'zithunzi zake mumapezeka anyani, apolisi, asilikali ndi ana. Luso lake lagona pa kukumanitsa zinthu ziŵiri zimene sizikhalira pamodzi. Pafupi ndi mzinda wa Bethlehem adajambula mnyamata wophimba kumaso, atakweza mkono ngati akuponya mwala, koma m'dzanja lake muli mtolo wa maluŵa. Mu Bethlehem momwemo adajambula nkhunda ya mtendere itavala chovala chotchinga zipolopolo, ndiponso kamtsikana ka diresi kakufufuza m'thupi mwa msilikali amene wakweza manja. Woona amayamba waseka, kenaka kuseka kuja kumamuthera pakamwa.

Komabe chikombole ndi utoto ndi theka chabe la ntchito yake. Theka linalo ndi khoma lenilenilo. Nsomba yojambulidwa pa nyumba yodyera ku Karonga imauza wapaulendo kuti muno muli chakudya. Nsomba yomweyo itajambulidwa pa khoma la chipatala, siinganene kanthu. Banksy amadziŵa bwino zimenezi, kotero amasankha malo mosamala monga mlimi wa mpunga asankhira dambo.

M'chaka cha 2005 adapita ku West Bank, kumene dziko la Israel lidamanga chikhoma cholekanitsa anthu ake ndi Apalestina. M'malo ena chikhomacho n'chotalika mamita 8. Pa simenti yotuŵayo iye adajambula ana akuseŵera ndi mchenga pafupi ndi chiboo choonetsa nyanja ndi mitengo ya kanjedza, makwerero ofika pamwamba penipeni, ndi kamtsikana kakukwezedwa m'mwamba ndi mabaluni. Zithunzi zomwezo zikadakhala pa pepala, zikadangokhala zokongola. Pa chikhoma chija zidasanduka kulira kwa anthu otsekeredwa. Koma si onse adakondwa. Banksy mwini adasimba kuti nkhalamba ina ya Chipalestina idamuuza kuti wachikongoletsa chikhomacho. Iye atathokoza, nkhalambayo idamudzudzula kuti anthu a kumeneko amadana nacho chikhomacho ndipo safuna kuti chikongole, nimuuza kuti abwerere kwao. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komatu amene amatsala ndi khoma ndi eni dera.

Chitsanzo china chidaoneka ku Port Talbot, tauni ya ku Wales, m'mwezi wa Disembala 2018. Panthaŵiyo m'tauniyo munali ng'anjo zikuluzikulu zosungunula chitsulo, ndipo anthu ankadandaula ndi fumbi lakuda logwera pa nyumba ndi pa zovala zao. M'nyengo yozizira ku Britain kumagwa chisanu choyera chonga thonje, chimene ana amakonda kuchiŵakha ndi lilime. Banksy adasankha garaja wamba ya njerwa za simenti, najambula pa ngodya yake. Mbali imodzi kuli mwana wovala zamphepo, manja ali tambasu, lilime lili panja, akukondwera ndi zoyera zimene zikugwa. Munthu akakhota pa ngodya, amapeza chimgolo cha zinyalala chikuyaka moto, ndipo amazindikira kuti zimene mwana uja akumeza ndi phulusa. Pamenepa ngodya ya garaja ndiyo ikusimba nthano, ndipo utsi wa m'tauniyo ndiwo ukuimaliza.

Kutchuka kudabweretsa ndalama, ndipo ndalama zidabweretsa zodabwitsa. M'mwezi wa Okutobala 2013, Banksy adaika bambo wina wachikulire pa kabenchi pafupi ndi Central Park ku New York kuti agulitse zithunzi zake zenizeni pa mtengo wa madola 60 chimodzi. Anthu ankangodutsa, poyesa kuti n'zachinyengo, ndipo tsiku lonse adagula ndi anthu atatu okha. Chaka chotsatira, ziŵiri mwa zithunzizo zidagulitsidwa ku London pa mtengo woposa mapaundi 120,000. Zithunzi zinali zomwezo. Chidasintha ndi malo ogulitsira.

Pa 5 Okutobala 2018 padachitika china choposa pamenepa. Ku Sotheby's, nyumba ya okushoni ya ku London kumene ogula amapikisana mitengo monga achitira ndi fodya ku Kanengo kapena ku Mzuzu, ankagulitsa chithunzi cha kamtsikana ka baluni kaja chojambulidwa pa nsalu. Mtengo udafika mapaundi 1,042,000. Wogulitsa atangomenya kanyundo kake, belu lidalira, ndipo chithunzicho chidayamba kutsetserekera pansi chikung'ambika m'timizeremizere. Banksy anali atabisa makina odulira mapepala m'kati mwa felemu. Makinawo adaima chithunzi chitang'ambika theka. Ngati cholinga chake chinali kunyoza anthu ogula zithunzi ndi ndalama zankhaninkhani, msampha udakola mwini: chithunzi chong'ambikacho, chimene chidapatsidwa dzina latsopano lakuti Love is in the Bin, chidagulidwanso m'chaka cha 2021 pa mapaundi oposa 18 miliyoni.

Ndalama zina zidapita kothandiza. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, Banksy adapereka ku chipatala cha ku Southampton chithunzi cha kamnyamata kamene kataya zidole za ngwazi za m'kanema m'dengu, nikaseŵera ndi chidole cha namwino. Chithunzicho chitagulitsidwa m'chaka cha 2021, mapaundi oposa 16 miliyoni adapita ku ntchito za umoyo. M'chaka cha 2020 chomwecho adalipirira chombo chotchedwa Louise Michel, chopulumutsa anthu othaŵa kwao amene amamira pa nyanja ya Mediterranean.

Nanga kodi zabwino zimenezi zimafafaniza mlandu wolemba pa khoma la eni? Anthu a ku Britain sagwirizana pa funso limeneli. Ena amati mseu ndi wa anthu onse, ndipo ngati makampani olemera amaloledwa kudzaza makoma ndi malonda ao, mphaŵi nayenso ayenera kupeza polankhulira. Ena amati lamulo lisaone nkhope. Mnyamata wosadziŵika akalemba dzina lake pa khoma amagwidwa, ndipo khonsolo imatuma anthu kukafafaniza. Koma Banksy akajambula pa khoma loyandikana nalo, eni ake amathamangira kukaphimba chithunzicho ndi pulasitiki yoonekera kuti chisaonongeke. Dandaulo limeneli lili ndi nzeru. Ndiponso zambiri zimene zimatchedwa graffiti zilibe luso kapena uthenga uliwonse. Ku Chongoni komwe kuja, alendo ena osaganiza adalemba maina ao ndi makala pamwamba pa zithunzi za makolo, naononga m'mphindi imodzi chinthu chimene chidapirira mvula kwa zaka mazanamazana. Ngakhale Banksy amene, lamulo silimusiya nthaŵi zonse. M'mwezi wa Seputembala 2025 adajambula woweruza akumenya munthu wogwa pansi pa khoma la Royal Courts of Justice, bwalo lalikulu la milandu ku London. Patangopita masiku oŵerengeka chithunzicho chidapukutidwa, popeza nyumbayo ndi yakale ndipo ndi yotetezedwa ndi lamulo.

Mdani wamkulu wa zithunzi zake tsopano si wapolisi kapena mvula, koma wogula. Popeza khoma silinganyamulidwe m'thumba, anthu ena amabwera ndi macheka odulira simenti. M'chaka cha 2012, pa khoma la sitolo ina ya katundu wotsika mtengo ku Wood Green, kumpoto kwa London, padaoneka chithunzi cha kamnyamata kogwada pa makina osokera, kakusoka timbendera ta Britain. Chinali chikumbutso chakuti katundu wotchipa kaŵirikaŵiri amasokedwa ndi ana a m'maiko osauka. M'mwezi wa Febuluwale 2013 anthu a m'deralo adadzuka napeza chiboo pa khoma. Chidutswacho chidatulukira ku okushoni ku Miami, ku America. Anthu atachita zionetsero malondawo adaimitsidwa, koma patapita miyezi yoŵerengeka chidagulitsidwabe ku London. Ofesi yotchedwa Pest Control, imene Banksy adakhazikitsa kuti izitsimikiza ntchito zake zenizeni, imakana kupereka chikalata cha umboni pa zithunzi zogumulidwa m'miseu.

Pali zinthu zimene zimapindula zikachotsedwa pamalo pake. Mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus adakumbidwa ku Mwakasyunguti, ndipo lero ana a sukulu amakaona chimango cha chinyamacho m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Karonga, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2004. Akadasiyidwa m'chigwembe, madzi akadaŵakokolola. Chithunzi cha pa khoma n'chosiyana. Kamnyamata ka makina osokera kaja kankalankhula chifukwa kanali pa khoma la sitolo, pamaso pa anthu otuluka ndi katundu m'manja. M'chipinda cha munthu wolemera kangokhala chokongoletsera nyumba.

Zomwezi zidachitika ku Port Talbot. M'masabata oyamba anthu zikwizikwi adakhamukira ku kanjira ka kuseri kwa nyumba kukaona mwana wa phulusa uja. Mwini garaja, amene anali wantchito wa ku ng'anjo za chitsulo, adasoŵa tulo poopa kuti anthu angaononge chithunzicho kapena kuchiba, ndipo padafunika mpanda ndi alonda. Potsiriza adachigulitsa kwa munthu wina wochita malonda a zithunzi wa ku Essex. M'mwezi wa Meyi 2019 amisiri adadula ngodya yonse ya garaja, yolemera matani anai ndi theka, naikweza pa lole ndi makina onyamulira katundu. Kwa zaka pafupifupi zitatu idasungidwa m'nyumba ina pakati pa tauni, anthu akuionera pa windo. M'mwezi wa Febuluwale 2022 idakwezedwanso pa lole ndi kutuluka m'dziko la Wales.